Amene anaphunzitsa dziko kuwerenga njovu, ndi mafunso amene ntchito yawo yatisiyira

Pa 8 Disembala 2025 ku Nairobi kunamwalira a Iain Douglas-Hamilton, katswiri wa zinyama wobadwira ku England, ali ndi zaka 83. Kuno ku Blantyre uthengawo ambiri unangowadutsa, chifukwa dzinalo ndi lachilendo. Komatu nthawi iliyonse wailesi ikanena kuti ku Liwonde njovu zachuluka, kuti 263 zasamutsidwira ku Kasungu, kapena kuti munthu wamangidwa atapezeka ndi minyanga, kuseri kwa nkhaniyo kuli njira zofufuzira zimene bambo ameneyu ndi anzake anayambitsa. Anthu amafunsa, ndipo salakwitsa: njovu za m'tchire anaziwerenga ndani? Zikuchepa kapena zikuchuluka? Ngati zikutha, n'chifukwa chiyani zikumaliza chimanga cha anthu?

Ntchito ya katswiri wa zinyama

Ambiri amasokoneza anthu atatu. Pali dokotala wa nyama, amene amabaya jakisoni ndi kuchiza mabala a msampha. Pali a gemu, olondera nkhalango ndi mfuti paphewa. Katswiri wa zinyama ndi wachitatu: iye amafuna kudziwa mmene nyama zimakhalira, zimene zimadya, mmene zimaswanirana, chimene chimazipha, ndi mmene zimasinthira malo amene zikukhalamo. Zida zake ndi kope, kamera, mapu ndi kuleza mtima. Zimene wapeza amazilemba n'kutumiza ku magazini ya akatswiri, kumene anzake a ntchito yomweyo amayamba azipeta, kufunafuna polakwika, zisanasindikizidwe.

A Douglas-Hamilton anabadwa mu 1942, anaphunzira za zinyama ku yunivesite ya Oxford, ndipo ali ndi zaka 23 anapita kumalo osungira nyama a Lake Manyara ku Tanzania. Amene ankayang'anira maphunziro awo anali a Niko Tinbergen, omwe pambuyo pake, mu 1973, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofufuza khalidwe la nyama.

Kudziwa njovu iliyonse payokha

Kale zambiri zokhudza njovu zinkachokera kwa alenje komanso kwa ofufuza amene ankang'amba njovu zophedwa, kuyeza mano kuti adziwe zaka, kuona m'mimba kuti adziwe chakudya. Ku Manyara a Douglas-Hamilton anasankha kutsatira zamoyo. Khutu la njovu limang'ambika ndi minga ndi nthambi, ndipo zing'ambezo sizifanana. Ina ili ndi kabowo kukhutu lakumanzere, ina nyanga imodzi yothyoka, ina minyanga yopingasana kumapeto. Ankajambula njovu iliyonse kumaso ndi m'mbali, kuipatsa dzina, n'kumalemba kuti lero yayenda ndi iti, yayamwitsa mwana uti. Pakutha kwa zaka zingapo ankazindikira njovu mazanamazana.

Kuchokera m'makope amenewa kunatuluka chithunzi chimene lero timangochitenga ngati chodziwikiratu. Banja la njovu ndi la zazikazi: mayi wamkulu, ana ake aakazi, azing'ono ake, ndi tiana tawo. Zazimuna zikakula zimachoka n'kumayenda zokha kapena m'timagulu. Mayi wamkuluyo ndiye amatsogolera, ndiye amaima kutsogolo kukabwera choopsa.

Njira imeneyi sinathere ku Manyara. A Cynthia Moss, omwe anayamba ntchito ya njovu pothandiza a Douglas-Hamilton, anakayambitsa kafukufuku wa ku Amboseli ku Kenya mu 1972, ndipo mpaka lero akupitirira. Kumeneko mu 2001 gulu lotsogozedwa ndi a Karen McComb linaonetsa kuti mabanja okhala ndi mayi wachikulire amasiyanitsa bwino kulira kwa njovu zodziwika ndi kwa zachilendo. Ku Tarangire ku Tanzania ofufuza anapeza kuti pa chilala cha 1993 magulu okhala ndi zazikazi zokalamba, zimene zinaonapo chilala china kale, anachoka kukafuna madzi kutali ndipo ana awo ambiri anapulumuka. Tanthauzo lake ndi lolemera: wopha njovu mozembera amafuna ya minyanga ikuluikulu, ndiye kuti yaikulu msinkhu, ndipo ikagwa banja limataya amene ankadziwa njira. N'chifukwa chakenso posamutsa njovu masiku ano amagoneka banja lonse nthawi imodzi, osasiyako mmodzi.

Kuwerenga kuchokera m'mwamba, kuwerenga kuchokera pansi

Kudziwa nkhope kumatheka m'malo aang'ono. Nkhalango ngati ya Kasungu, yoposa masikweya kilomita 2,000, imafuna njira ina.

Yodziwika kwambiri ndi ya ndege. Kandege kakang'ono kamauluka motsika, pafupifupi mamita 90 kuchokera pansi, motsata mizere yowongoka imene yajambulidwa pa mapu. Pa zitsulo zogwira mapiko amamangapo timitengo tiwiri mbali iliyonse. Wowerenga amakhala kumpando wakumbuyo n'kumawerenga nyama zokhazo zimene zikuoneka pakati pa timitengoto. Ikhale njovu yaikulu chotani, ngati ili kunja kwa mzere, saiwerenga. Gulu likakhala lalikulu amalijambula kuti akawerenge bwino pansi. Mapeto ake amakhala ataona kagawo chabe ka nkhalango, kenaka masamu amamaliza ntchito. Zili ngati mmene alangizi amayezera zokolola: sathyola chimanga cha boma lonse, amayeza minda yosankhidwa n'kuyerekeza yotsalayo. Choncho chiwerengero choona chimabwera ndi malire ake, choti njovu zili pakati pa zakuti ndi zakuti. Malirewo nthawi zambiri amagwa panjira nkhani isanafike pa wailesi.

Ndege imaphonya. Njovu ikaima pansi pa mtengo wa masamba ambiri sioneka, ndipo mwana amabisika pansi pa mayi wake. Apa ndi pamene Malawi inalowa m'mbiri ya sayansi imeneyi. Ku Kasungu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, a Richard Bell ndi a Hugo Jachmann anakonza bwino njira yowerengera njovu pogwiritsa ntchito ndowe, ndipo anaisindikiza mu 1984. Zimamveka zoseketsa koma masamu ake ndi olongosoka. Njovu imachita chimbudzi ka 15 mpaka 20 patsiku. Ofufuza amayenda pansi motsata mzere, kuwerenga milu ya ndowe. Payokha amayang'anira milu yatsopano kuti aone masiku amene imatenga kuti chiswe, tizilombo ndi mvula ziimalize. Ukadziwa kuchuluka kwa milu, liwiro limene imawolera, ndi kangati njovu imodzi imasiya mulu, umapeza njovu zimene zimagwiritsa ntchito deralo. Kukula kwa chibuluma cha ndowe kumasonyezanso msinkhu wa mwini wake. Kuwerenga ndowe ndi kumene kumadaliridwa mpaka pano m'nkhalango zowirira za pakati pa Africa, kumene ndege singaone kanthu.

A Bell amenewa sanali munthu wamba. Asanabwere kuno anali atafotokoza kale, mu 1971, mmene nyama zodya udzu ku Serengeti zimatsatizanirana: mbidzi zimadya udzu wautali wouma, nyumbu zimabwera pambuyo kudya masamba a m'munsi, agwape ang'onoang'ono n'kumalizira timphukira tanthete. Ophunzira za zinyama padziko lonse amaphunzirabe mfundo yotchulidwa ndi dzina lawo pamodzi ndi la a Peter Jarman, yoti nyama yaikulu thupi imatha kukhala ndi moyo pa chakudya chosanuna malinga chikhale chochuluka. Ambiri amene amadutsa pa Kasungu sadziwa zimenezi.

Chiwerengero chitafika kwa olamulira

M'zaka za m'ma 1970 mtengo wa minyanga unakwera, mfuti za nkhondo zinachuluka, ndipo a Douglas-Hamilton, omwe ankayendetsa okha ndege, anayamba kuona mitembo yambiri. Anatsogolera ntchito yoyamba yosonkhanitsa ziwerengero za njovu mu Africa yense, ndipo mu 1979 anapeza pafupifupi 1.3 miliyoni. Pofika 1989 ziwerengero zinkasonyeza pafupifupi 600,000. Panali akatswiri ena amene anatsutsa, akumati chiwerengero choyambacho chinali ndi zongoyerekeza zambiri, komanso kuti chimene chikumaliza njovu ndi kuchepa kwa malo, osati minyanga yokha. Mkanganowo unatenga zaka.

Mu Julaye 1989 Pulezidenti Daniel arap Moi anatentha matani 12 a minyanga ku Nairobi, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, atakumana ku Lausanne analetsa malonda a minyanga pakati pa mayiko. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Malawi panthawiyo inali m'gulu la mayiko a kummwera, pamodzi ndi Zimbabwe, Botswana, Zambia ndi South Africa, amene sanagwirizane ndi chiletsocho. Mfundo yawo inali yakuti dziko losamala bwino njovu zake lisalangidwe chifukwa cha kulephera kwa ena, ndiponso kuti ndalama za minyanga zingathandize kuteteza nyamazo.

Mbali ziwirizi zilipobe. Mu 1999 Botswana, Namibia ndi Zimbabwe, ataloledwa ndi CITES, anagulitsa ku Japan minyanga imene ankasunga, ndipo mu 2008 kunachitikanso malonda ena opita ku China ndi Japan. Patangopita nthawi pang'ono kupha njovu kunakwera kwambiri. Kafukufuku wa mu 2014, yemwe a Douglas-Hamilton analemba nawo, anati njovu pafupifupi 100,000 zinaphedwa pakati pa 2010 ndi 2012. Ena amati malonda a 2008 ndiwo anadzutsa msika. Ena amati chinali chuma cha ogula ku Asia chimene chinkakwera kale. Kalembera wamkulu wa pa ndege amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016 anapeza njovu za m'madambo ndi m'tchire pafupifupi 352,000 m'mayiko 18, zitatsika ndi 30 pa 100 alionse m'zaka 7. China inatseka msika wake wa minyanga kumapeto kwa 2017. Malawi nayo inali itasintha maganizo: mu Marichi 2016 inatentha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu, ndipo lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso, kuyambira 2017 chilango chikhoza kufika zaka 30 m'ndende.

Kutha kwina, kuchuluka kwina

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri, koma zonse ziwiri ndi zoona. Njovu zimatha kuchepa mu Africa yense kwinaku zikupanikizana m'malo amodzi. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22 ndipo imabereka kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, koma ikasiya kuphedwa gulu limakula ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse pachaka, ndiye kuti limawirikiza kawiri m'zaka 14 kapena 15. Yaikulu imadya makilogalamu pafupifupi 150 patsiku, ndipo imagwetsa mitengo ndi kusenda makungwa a milambe.

Funso loti malo angasunge njovu zingati lavuta akatswiri kuyambira kale. Ku Tsavo ku Kenya, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, wofufuza wina, a Richard Laws, analangiza kuti zina ziphedwe mitengo isanathe. Woyang'anira malowo, a David Sheldrick, anakana. Chilala cha 1970 ndi 1971 chinapha njovu masauzande, ndipo mbali iliyonse inati zachitikazo zatsimikizira mfundo yake. Ku Kruger ku South Africa anasankha kupha, ndipo pakati pa 1967 ndi 1994 anapha zoposa 14,000, kufikira anthu atadandaula kwambiri. A Graeme Caughley, atafufuza mitengo ya tsanya ku chigwa cha Luangwa, anabweretsa ganizo lina mu 1976: mwina palibe chiwerengero chimodzi choyenera, koma njovu ndi mitengo zimasinthana, izi zikakwera izo zimatsika, m'nyengo yotenga zaka pafupifupi 200. Vuto n'lakuti kusinthana koteroko kumafuna malo aakulu oti njovu zisamukireko, pamene malo athu azunguliridwa ndi minda mpaka pa mpanda.

Malawi inasankha kusamutsa. Majete, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mu mzinda uno mukatsika zitunda za ku Chikwawa, analibe njovu ngakhale imodzi pofika 1992. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowo mu 2003, njovu zinayamba kubwezeredwa mu 2006, ndipo mu 2009 kunabwera za ku Phirilongwe ku Mangochi, zimene zinkalimbana ndi anthu m'midzi. Patangotha zaka khumi Majete anali akupereka njovu kwina: mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwa, zambiri kupita ku Nkhotakota, kumene zinali zitatsala zosakwana 100 kuchoka pa 1,500. Mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, kumene chiwerengero chinali chitatsikapo kufika pa 50.

Kusamutsa kwa ku Kasungu ndi kumene kwabutsa mkangano. Anthu okhala m'malire a nkhalangoyo, kuno ndi ku Zambia, anena za minda yowonongedwa ndi abale ophedwa ndi njovu, ndipo mu 2025 maloya a ku Britain analengeza kuti akuimira ena mwa iwo posumira bungwe lakunja loteteza nyama la IFAW, limene linathandiza ndi ndalama pa kusamutsako. Bungwelo limakana kuti linalakwa, ndipo limati udindo woyendetsa malowo ndi wa boma. Mbali ziwirizi sizigwirizana ngakhale pa chiwerengero cha okhudzidwa.

Malamba a m'khosi ndi njuchi

Mu 1993 a Douglas-Hamilton anayambitsa bungwe la Save the Elephants, lomwe ntchito yake yambiri ili ku Samburu kumpoto kwa Kenya. Anali m'gulu la oyamba kuveka njovu malamba otumiza uthenga, poyamba a wailesi, kenaka a GPS. Lamba amaonetsa pa kompyuta pamene njovu ili, ndipo anaulula kuti njovu zimadutsa mothamanga, kawirikawiri usiku, m'malo amene zikuopa anthu. Oyang'anira nkhalango amagwiritsa ntchito malamba otere kudziwa gulu limene layandikira mpanda.

Za njuchi zinachokera kwa anthu a m'midzi ya ku Kenya, amene ankanena kuti njovu sizigunda mtengo wokhala ndi mng'oma. A Fritz Vollrath ndi a Douglas-Hamilton anaziyesa n'kusindikiza mu 2002, ndipo a Lucy King anapanga mpanda wa ming'oma yolumikizidwa ndi waya, yotalikirana mamita 10. Njovu ikagunda waya ming'oma imagwedezeka, njuchi n'kutuluka kuithamangitsa. Poyesa ku Kenya, mpandawo unabweza njovu pafupifupi 8 pa 10 zilizonse. Koma kukachita chilala njuchi zimathawa, mng'oma n'kutsala wopanda kanthu.

Chikoka cha wofufuza chimayezedwa bwanji

Ku mayunivesite amawerenga kuti zolemba za munthu zatchulidwa kangati m'zolemba za anzake. Mu 2005 a Jorge Hirsch anayambitsa muyezo wotchedwa h-index: ukakhala ndi 40, ndiye kuti uli ndi zolemba 40 zimene chilichonse chatchulidwa kosachepera ka 40. Aliyense angaone ziwerengero zotere pa Google Scholar, ndipo zimakhudza kukwezedwa pa ntchito ndi kupeza ndalama za kafukufuku.

Muyezowu uli ndi ntchito yake, koma pa nkhani ya nyama zakutchire umasiya zambiri kunja. Suwerenga anthu amene waphunzitsa, lamulo limene lasinthidwa, kapena lipoti losasindikizidwa limene woyang'anira nkhalango amatsegula tsiku lililonse. Suwerenganso wolondola mapazi amene anaonetsa mlendo kumene njovu zimamwa. Kwa ine chizindikiro chachikulu cha a Douglas-Hamilton n'chakuti njira zawo zinasiya kuoneka ngati za munthu: wophunzira wojambula makutu a njovu ku Majete lero sayenera n'kutchula dzina lawo. Anapitirizabe kulemba mpaka kumapeto. Mu 2024 anali m'gulu limene linapeza umboni woti njovu zimaitanana ndi kulira kosiyana pa njovu iliyonse, kofanana ndi maina.

Amalawi nawo analemba. A Roy Bhima anafufuza njovu za ku Liwonde m'zaka za m'ma 1990. A Simon Munthali ndi anzawo anafufuza phindu la ulimi wa njuchi ndi kutola matondo kwa anthu oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, ndipo mu 2002 iwo ndi a Francis Mkanda anasindikiza nkhani yofunsa ngati kusamutsa nyama ndiko yankho la mavuto a nyama zakutchire m'Malawi, zaka 20 njovu za ku Liwonde zisanakwere magalimoto opita ku Kasungu. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe likulu lake lili ku Limbe, linayamba mu 1947, a Douglas-Hamilton ali kamwana. Komabe maina odziwika kunja pa nkhani ya njovu za mu Africa ambiri ndi a alendo, makamaka chifukwa ndalama za kafukufuku ndi magazini otchuka zili kwawoko.

Zimene sizinayankhidwe

Palibe amene wagwirizanitsa akatswiri pa chiwerengero cha njovu choyenera malo otchingidwa ndi mpanda ngati Liwonde, amene ndi masikweya kilomita 548 okha. Yankho limadalira chimene mukufuna kusunga: njovu zambiri zokopa alendo, milambe ndi mitengo ya m'mbali mwa Shire, kapena nyama zing'onozing'ono zimene zimadalira zitsamba. Ndipo Nkhotakota ndi Kasungu zikadzadzaza, magalimoto adzalowera kuti? Kulera njovu ndi jakisoni kwayesedwa m'malo ena ang'onoang'ono ku South Africa, koma kumafuna kubwereza ndi ndalama zosalekeza. Kupha kumakanidwa ndi ambiri opereka thandizo. Kutsegula njira zodutsa pakati pa nkhalango, monga pakati pa Kasungu ndi Lukusuzi ku Zambia, kumatanthauza njovu kudutsa pamene anthu akulima.

Funso la minyanga nalonso lidakali pa tebulo la CITES, pamene Botswana, yomwe ili ndi njovu pafupifupi 130,000, ndi anzake akupemphabe kuti aloledwe kugulitsa, pomwe Kenya ndi ena akukana.

Pali funso la amene ayenera kulipira munda ukadyedwa kapena munthu akaphedwa: boma, bungwe loyendetsa nkhalango, kapena opereka ndalama zosamutsira? Nanga mudzi wa m'malire uyenera kungodziwitsidwa, kufunsidwa maganizo, kapena uli ndi mphamvu yokana? Palinso nkhani ya uthenga wochokera m'malamba ndi m'makalembera: umasungidwa kuti, ndipo wophunzira wa ku Zomba, ku Bunda kapena ku Thyolo wofuna kuufufuza payekha angaupeze popanda kupempha chilolezo kunja?